Belu Limene Alamu Anazimitsa

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga amayi, mwendo uja ukuwavutabe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mumtima muli nseru, ndipo amene andichititsa nseruyo ndi amuna anu. Pepani poyamba choncho.

Ntchito yanga pa kampani ya alamu sindinakufotokozereni bwinobwino. Timapanga tizipangizo tating'ono ngati chikhadabo, tokhala ndi tinjira mkati toonda ngati tsitsi. M'tinjiramo timaika ufa wa chitsulo n'kutenthetsa, ndiye mpweya ukadutsamo umasanduka mpweya wina umene mafakitale amaufuna. Mbali yanga ndi kutsekera kachipangizoko m'kabokosi kachitsulo, kulumikiza timapaipi, n'kuyesa ngati mpweya sukuthawa. Mpweya wina umene timagwiritsa ntchito ndi poizoni, ndipo suoneka, sununkha. N'chifukwa chake pakhoma pali belu lolira ukangothawa pang'ono.

Mwezi uno tizipangizo tatsopano tinayamba kung'aluka pomatira tikatentha, belu n'kumangolira. Ndinawauza alamu kuti tiime kaye, tisinthe zomatira. Anandiyankha kuti kukubwera alendo ofuna kugula, ndisawachititse manyazi ndi mantha achizimayi.

Tsiku la alendolo anandituma kukatenga katundu ku sitolo. Pobwera ndinapeza makina akuyenda, alamu ali mu suti, akuseka ndi alendo kuseri kwa galasi. M'chipinda choyesera munali mnzanga yekha, amene timamutcha Kawayilesi chifukwa sasiya kuimba pa ntchito. Ndi woyembekezera, mimba yake yoyamba. Tsikulo sankaimba. Ndinamuona akugwira mutu, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kugwera cham'mbali. Nditayang'ana pakhoma, kagetsi ka belu kanali kozima. Waya wake anali atazulidwa n'kupindidwa mwaluso kuseri kwa kabati.

Ndinatseka mpweya, ndinatsegula zitseko, ine ndi mlonda tinamukokera panja. Iye akusanza pa kapinga, ndinamva alamu akuuza alendo kuti asadandaule, amayi oyembekezera amatero. Kenako anawaitanira ku tiyi. Tiyi, achemwali!

Kuchipatala anamuika pa makina othandiza kupuma. Adokotala akuti iye achira, koma za mwanayo sakulonjeza kanthu.

Alamu anabwerako ndi zipatso m'jumbo, n'kunditengera pakhonde. Anati akadzabwera oyendera chitetezo cha pa ntchito, ndidzanene kuti belulo linawonongeka lokha. Anandikumbutsa kuti ntchitoyi anandipatsa ndi iwo, ndiponso kuti ndine wapabanja, ndisawaike pa mbalambanda. Polankhula anandigwira paphewa. Bulauzi imeneyo ndinaichapa nditangofika kunyumba, ndipo mpaka lero ndikulephera kuivalanso.

Oyenderawo anabwera dzulo. Ndinawatengera kuseri kwa kabati n'kuwaonetsa waya uja. Chipindacho achitseka, ndipo ine ntchito yatha. Makiyi ndinasiyira mlonda chifukwa sindinafune kuona nkhope ya alamu.

Akuimbirani foni, kapena aimba kale, kunena kuti ndine wosayamika, ndagwetsa kampani imene imadyetsa ana anu. Zoti imawadyetsa n'zoona, ndipo anawo ndikuwaganizira kwambiri. Sindikuti muwasiye amuna anu, banja ndi lanu. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Mukabwera kuchokera kwa amayi, musanafike kunyumba kwanu, tidzapitire limodzi kuchipatala. Mukamuone mtsikanayu ali gone, dzanja pamimba, akudikira kuti mwana asunthe. Mukatero, mudzandikalipire mmene mungafunire, ndidzakhala chete.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze kaye. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pobwera.

Ndine mng'ono wanu.