Batala Pamutu pa Achimwene

Gimbi,
9 Malichi 1958

Okondedwa Achemwali a Obse,

Tulani pansi chilichonse chimene mwasenza ndipo mukhale kaye, chifukwa nkhani ndili nayoyi si yomvera choimirira. Achimwene athu a Wakjira apha njati! Inde, simunawerenge molakwa. A Wakjira omwewo, amene anatsikira kuchigwa cha Didesa kasanu konse n'kumabwerako ndi malungo okhaokha. Pano ndikulemba, mutu wawo uli nyezinyezi ndi batala, ndolo ili lende kukhutu, ndipo ntchentche za mudzi wonse zasamukira pakhomo pathu.

Inu munakwatiwa kutali ku Jima, ndiye simunaone mmene alamu athu a Lelise avutikira. Zaka makumi awiri akhala akutunga madzi pomalizira. Akazi a amuna opha njati amayamba ndiwo, uku akuimba zotamanda amuna awo, alamu ataima pambali ndi mtsuko, nkhope ili pansi. Tsiku lina ndinamva ndi makutu angawa mayi wina akuwafunsa kuti, "Kodi anzathu, batala kwanu mumangodya basi? Muli ndi mwayitu, wathu amathera pamutu." Anthu anafa nalo phwete. Ine zinandiwawa mpaka chakudya chinandikanika.

Chaka chino maso a achimwene ayamba kuchita nkhungu. Tonse tinkadziwa kuti ulendo uno ndi wotsiriza, ngakhale panalibe wotchula. Udzu utangopsa tinanyamuka amuna asanu ndi mmodzi, wotitsogolera ali a Hunde, nkhalamba yopha njati zinayi, ya pakamwa posatseka ija. Musaiwale kuti nanenso mutu wanga ngwouma, ndipo Sorati, mtsikana ndinakuuzani uja, ananena mosapsatira kuti bambo ake sapereka mwana kwa munthu wa tsitsi lopanda batala.

Tinayenda masiku anayi, tikudya balere wokazinga wothira uchi, dzuwa likuswa mtengo. A Hunde njira yonse anali pa achimwene.

"Wakjira, ukaona chinthu chakuda chachikulu usafulumire kuwomba, mwina ndi ine."

"Musadandaule akulu," anatero achimwene. "Njati sinunkha choncho."

M'mawa wa tsiku lachisanu tinapeza ndowe. A Hunde anapisamo chala cha kuphazi n'kunong'ona kuti ikadali yofunda. Tinakwawa m'bango mpaka tinaiona, yamphongo, ili yokha pafupi ndi mkuyu waukulu. A Hunde anakodola achimwene kuti ayambe ndiwo. Lamulo mukulidziwa: njati ndi ya amene wayamba kuikhetsa magazi, ngakhale kadontho. Woimaliza ndi wothandiza chabe.

Mfuti ya achimwene inalira. Njati inatembenuka, n'kuwalunjika. Achemwali, nthaka inkanjenjemera! Iwo ali kalikiliki kulimbana ndi mfuti imene inakana kutseguka. Sindikumbukira kuti mfuti yanga ndinailoza bwanji, ndinangomva phewa langa likugunda. Chinyama chija chinagwa chagada, mapazi asanu okha kuchokera pamene anaima.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, ndipo zimenezi zithere m'mimba mwanu.

A Hunde anayamba kufufuza mabala. Anapeza limodzi lokha, pachifuwa, langa. Anafufuzanso m'nthiti, m'khosi, m'miyendo, koma ayi ndithu. Achimwene anakhala pansi mfuti ili pamiyendo, ndipo ndinaona kuti akalamba. Nditacheuka ndinaona mkuyu uja utang'ambika khungwa, utomoni woyera ukuchucha. Chipolopolo chawo chinali mmenemo.

Sindikubisirani, ndinaganiza za Sorati. Ndinaona mutu wanga ukunyezimira. Kenako ndinaona mtsuko wa a Lelise. Ndinapita kukatsamira mtengo uja, msana wanga n'kuphimba balalo. Nditaima pomwepo ndinaona khutu la njati litang'ambika pang'ono, likudontha magazi. Kaya ndi minga, kaya ndi pogwa paja, adziwa ndi Mulungu.

"Khutu!" ndinakuwa. "Taonani khutulo!"

A Hunde anagwira khutu lija, analitembenuza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Kajela, mtengowo ukugwa kodi, kuti uziuchirikiza choncho?"

"Ndangotopa, bambo."

Analavula pansi, n'kudzuka, n'kukweza mawu mpaka mbalame zinabalalika: "Magazi oyamba ndi a Wakjira!"

Achimwene analira ngati mwana, enafe tikuvina mozungulira nyama. Anzathu atatanganidwa ndi kusenda, ndinamata matope pabala la mtengo lija. Malaya anga mpaka lero sanachoke utomoni.

Za kubwera kwathu ndikanakonda mukanaona nokha. Titafika paphiri loyang'ana kumudzi tinawomba mfuti m'mwamba, ndipo nthungululu zinayankha kuchokera mbali zonse. Achimwene anali patsogolo, mchira wa njati uli m'manja, nyanga tikuwanyamulira. A Lelise anatuluka ndi mbale yodzaza batala, n'kuwapaka kumutu mpaka wina kuyenderera m'khosi. Ndiye achimwene anayamba nyimbo yawo yodzitama. Mawu mukuwadziwa aja, ngati chitseko chakale, koma anaimba mpaka dzuwa kupendeka ndipo palibe anawaletsa. Mowa wauchi unatha mitsuko isanu ndi iwiri.

Koma chimene chinandikomera kwambiri chinachitika m'mawa mwake. Ndinadzuka dala n'kukabisala pafupi ndi kasupe. Akazi onse anapatuka, a Lelise n'kudutsa pakati pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Anatsuka mtsuko kamodzi, kawiri, katatu. Atamaliza anacheukira mayi wachipongwe uja.

"Pepanitu amayi, ndakuchedwetsani. Manjawa akungoterera, batala wachuluka kwathu."

Ndinaseka mpaka ndinagwera m'zitsamba, ndipo anandiona.

Za Sorati musade nazo nkhawa. Anandiyang'ana kumutu n'kupukusa wake. Ndamupempha adikire udzu upsenso. Sanavomere, koma sanakanenso. Chimene ndikupempha kwa inu ndi nsalu yoyera ya m'mphepete mofiira, yabwino ya kumeneko, kuti alamu azifunda popita kumaukwati, pakuti tsopano amakhala kutsogolo.

Ndinali nditalekezera pamenepa pamene achimwene analowa n'kundiuza kuti ndiwawerengere zimene ndakulemberani. Ndinawerenga modumphadumpha, ndipo iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mphwanga, kusukulu kuja anakuphunzitsa kulemba zambiri n'kuwerenga zochepa? Mapepala atatu, iwe wawerenga limodzi. Mkuyu uja wausiya kuti?"

Ndinagwetsa cholembera.

"Maso ndiwo atha," anatero, "koma makutu alipo. Kasanu konse ndakhala ndikuwombera mitengo. Kulira kwake ndingakusokoneze ine?"

Anakanda batala pamutu pawo ndi zala ziwiri, n'kundipaka paliwombo, n'kusiya dzanja pomwepo kanthawi.

"Lelise asamve. Musiye atunge."

Akupereka moni a Hunde, ati mukadzabwera mudzawatengere fodya. Akupereka moni a Lelise, amene pano akuimba kuseri kwa nyumba, ndipo sindinkadziwa kuti ali ndi mawu okoma chonchi. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Kalatayi mukawerenga muiponye pamoto. Banga mukuliona pakona ya pepalali ndi chala cha achimwene, ati ndiwo moni wawo, poti kulemba sadziwa.

Ndine mlongo wanu, wa mutu wouma kupatula paliwombo,

Kajela