Dzungu Lili Pansi pa Bedi

Bambo a mwana,

Musadabwe mukaona kuti mpando wanu uja palibe, ndapita nawo kwa kalipentala. Mukukumbuka dzungu lathu lomwe linayanga pampanda n'kukabereka kwa aneba? M'mawa uno ndawamva akuuza mwana wawo kuti alithyola lero. Chonsecho wolithirira ndi madzi otsukira mbale tsiku ndi tsiku ndine! Ndiye ndinakwera pampandopo n'kulikokera kuno. Mwendo wathyoka, wa mpando osati wanga. Pepani.

Dzungulo lili pansi pa bedi, musalitulutse. Thirirani tomato wa m'matumba uja dzuwa lisanatenthe. Anebawo akabwera, alonjereni bwinobwino, kenaka muwaonetse ndowa yathu momwe muli mizu yake. Ndikaphika ndiwagawirako chidutswa ndi nthanga zomwe, akadzale lawo.

Mkazi wanu