Magazi a Asuweni

Lachitatu, 14 Meyi 2003, ku Njuli

Lero mtima sunakhale pansi. Zotsatira za magazi a mwana wanga Esnati zabwera kuchokera ku Blantyre. Ali nayo mbewu ya sikoselo, matenda a magazi amene anapha mlongo wake Dalitso. Iyeyo sadzadwala, koma mwamuna wake akakhalanso nayo, ana awo akhoza kuvutika monga anavutikira Dalitso. Ndipo Loweruka lino ndi chinkhoswe chake ndi msuweni wake Yohane, mwana wa achimwene anga.

Nditaweruka kusukulu ndinapita ku Likoswe. Ndinawafotokozera achimwene mofatsa, ngati ndili m'kalasi, kuti akatswiri tsopano akutha kuwerenga malangizo amene thupi limatengera kwa makolo, ndipo kuti matendawa amagwira mwana amene walandira mbewuyo kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Ndinapempha kuti Yohane akayezetse.

Anaseka. "Achemwali, sukulu yakuonongani. Ukwati wa pachisuweni wayamba ndi ife? Akayezenji, poti magazi ake ndi a Esnati ndi amodzi?"

Chimene iwo akudalira ndi chomwe chikundiopsa ine.

Yohane, amene anamva zonsezi, anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndikukwera kabaza anafunsa, "Azakhali, akandipeza nayo, Esnati mundilanda?"

Ndinati sindikudziwa. Iye anati, "Mawa mundidikire pasiteji, ndikayezetse. Bambo musawauze."

Esnati ali kuchipinda, akusita diresi la Loweruka uku akuimba. Sindinamuuzebe, ndipo sindikudziwa poyambira.