Ndinawaperekeza a Mwakayoka ndi Makungwa Awo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Iponga tili moyo, ndipo miyendo ya amayi yachitako bwino.

Mukuwakumbukira a Mwakayoka, mkulu wa mpingo uja amene amalalikira kuti mankhwala achikuda ndi a Satana? Omwe aja anauza mudzi wonse kuti ine ku yunivesite ndinangopita kukadya mpunga? Loweruka ndinawapeza akusenda makungwa a mtengo wathu wa muwawani wa kuseri kwa khola n'kumaika m'thumba, osapempha. M'mimba munali mutawapotokola.

Mwambo wake mukuudziwa: ukanyamula makungwa sulankhula ndi munthu mpaka ukalowe m'nyumba, apo ayi mankhwala amasukuluka. Achemwali, mwayi wotere sindinaupezepo chibadwire. Ndinawaperekeza.

Ndinayamba ndi moni wa kwathu: "Mwaghona, adada! Satana akupeza bwanji m'thumbamo?" Iwo duu, thukuta lili kamukamu. Ndinawabwerezera maulaliki awo onse. Amayi a kumpingo atawapatsa moni panjira, ndinawayankhira kuti abambo ali pa ntchito ya makolo, asawasokoneze.

Khomo lawo likuoneka apo, anaphulika: "Choka, galu iwe!" Kenako anayang'ana makungwa aja mwachisoni, n'kuwataya okha.

M'mawa anabwera chipewa chili m'manja kudzapempha. Ndinawasendera ndekha, chifukwa ndinaleredwa bwino. Ndipo ndinawaperekezanso.

Munditumizireko nsapato zolimba, zangazi zatha. Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Lusekelo