Masitepe Makumi Atatu pa Msewu wa ku Hewe

Henga, Rumphi
9 Seputembala, 1976

Okondedwa achemwali Lois,

Kalatayi sinadzere ku positi. Ndapatsira mayi wina wogulitsa usipa amene amadutsa malire mwezi ndi mwezi, ndipo mukatha kuwerenga muiponye pamoto. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Lundazi kumeneko. Yewo chomene pomulandira mlongo wathu Overton. Koma pali zina za tsiku lomwe anachoka kuno zimene iye sazidziwa, ndipo zandilemera kuzisunga ndekha.

Anafika kwanga Lachiwiri masana, fumbi lokhalokha, atathawa kusukulu kwake. Mnzake wina anali atakanena ku boma mawu amene iye analankhula pa nthawi ya tiyi. Omufunawo analibe chithunzi chake. M'marodibuloko monse anangouzidwa kuti agwire mphunzitsi wamtali wotsimphina. Inu mukudziwa kuti mwendo wake wamanzere unafupika ndi zala ziwiri kuyambira pomwe anagwa pangolo ali mwana, ndipo munthu amamuzindikira akadali kutali.

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuphunzitsa kuyenda anthu othyoka miyendo ndi ana a poliyo kuchipatala kuno, koma sindinaganizepo kuti ntchitoyi ndidzaigwira nditatseka makatani. Ndinadula mpira wa tayala n'kuulowetsa m'nsapato yake yamanzere kuti miyendo ilingane. Atavala, anatsimphinabe. Thupi linali litazolowera.

"Adumbu, mlongo wanga, ndayenda zaka makumi atatu," anatero. "Mundiphunzitse lero?"

"Wayenda ngati Overton," ndinamuyankha. "Loweruka uyende ngati munthu wina aliyense."

Ndinawaza phulusa pansi, kuchokera pakhomo mpaka pazenera, kuti aone yekha mapazi ake. Sitepe ina inali yaitali, ina yaifupi. Ndinamuonetsa kuti munthu amayamba kuponda ndi chidendene, phazi lonse n'kutsatira, kenako chala chachikulu n'kukankha pansi. Mwendo wamanzere ukapita kutsogolo, mkono wamanja umapita nawo. Ndipo pa kanthawi kamene thupi lonse laima pa mwendo umodzi, minofu ya m'chiuno imagwira kuti munthu asapendekeke. Iye amauthawa msanga mwendo wamanzerewo ngati waponda khala, phewa n'kugwera mbali yomweyo. Ndimagogoda supuni patebulo kuti miyendo yonse itenge nthawi yofanana, iye n'kumapita, n'kumabwera, mpaka chiuno chinayamba kumuwotcha ndipo chidendene chinatuluka matuza. Pofika Lachisanu amatha masitepe makumi anayi osalakwitsa. Kupitirira apo phewa limayambanso kugwa.

Loweruka m'mawa tinakwera lole yopita ku Hewe ngati anthu osadziwana. Iye anavala kabudula ndi shati yakale, kathumba ka nyemba paphewa lamanzere. Titapitirira pa Bolero tinapeza migolo pamsewu ndi amuna anayi. Anati tonse titsike, tidutse mmodzimmodzi, khadi lachipani m'manja. Mmodzi wa iwo samayang'ana makhadi n'komwe. Anakhala pa chitsa, maso ake pa miyendo yathu basi.

Overton anali wachitatu. Achemwali, ndinawerenga masitepe ake mumtima. Pa sitepe yachisanu ndinaona mkono wamanja wauma ndi mantha, sukugwedezeka, ndipo ndinatsokomola monga tinagwirizana. Anaumasula. Pa makumi awiri ndi zisanu phewa linayamba kutsika, iye n'kunyamulira kathumba kaja m'mwamba ngati kakumulemera. Pa makumi atatu anali atadutsa migolo. Sanabwererenso palole. Analowera kuseri kwa golosale komwe amalume a ku Mwazisi amamudikira ndi njinga. Zimene iye akudziwa zathera pamenepa.

Womaliza kutsika anali a Greyson Luhanga, mlimi wa fodya ndiponso mkulu wa mpingo, amene ndinawaphunzitsa kuyenda chaka chatha ng'ombe itawaswa bondo lamanja. Ndi aatali. Tsikulo amapita ku msonkhano wa mpingo, atavala jekete ndi tayi, cholembera m'thumba. Bondo lawo silipinda bwino, choncho amazunguza mwendo chakumbali kuti phazi lisakhule pansi. Aliyense wodziwa ntchito yanga akanaona kuti uku si kutsimphina kwa mwendo waufupi. Koma munthu wa pachitsa uja anaimirira.

"Aphunzitsi, takudikirani nthawi yaitali."

"Ine si mphunzitsi, bwana. Ndimalima fodya ku Luviri." Anatembenuka n'kundiona. "Anesi awa akundidziwa. Anesi, auzeni."

Amuna onse anayi anandiyang'ana. Overton anali asanapite kutali, mwina anali asanakwere ndi njinga yomwe. Ndinadziwa kuti ndikawauza kuti agwira munthu wolakwika, ayamba kuwerenga anthu palole, n'kupeza kuti mmodzi wasowa. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Odwala ndi ambiri, bwana. Sindingawakumbukire onse."

Amuna aja anawagwira a Luhanga. Anawakweza m'galimoto, mwendo wouma uja ukukanika kulowa, wina n'kuukankha ndi nsapato.

Ndinadzinamiza kuti pofika madzulo adzaona kulakwa kwawo n'kuwamasula. Panapita sabata, kenako ziwiri. Sabata yachitatu mayi Luhanga anabwera kuchipatala, nagwada pakhomo pa chipinda changa pamaso pa odwala. Samadziwa zimene ndinayankha pamsewu paja. Amangopempha kapepala kosonyeza kuti amuna awo anavulazidwa ndi ng'ombe. Apo n'kuti uthenga wanu wakuti mlendo wafika bwino nditaulandira. Ndinalemba kalatayo, ndinatenga khadi lawo lachipatala, n'kupita nazo ndekha ku boma. Bwana amene anandilandira anawerenga kawiri, kenako anafunsa kuti, "Dzina ili ndi la amuna anu. Nanga bambo anu ndani?" Ndinati a Chavula. Analilemba pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

Anawamasula patatha masabata asanu. Lolemba lapitali anabwera kwa ine, popeza m'dera lonse lino wogwira ntchitoyi ndine ndekha. Bondo latupa ngati dzungu, chidendene sichifika pansi, ndipo zonse zomwe tinavutikira chaka chatha zafafanizika. Ndinawaimika pakati pa zitsulo zogwirira.

"Adada, tsiku lija ine..."

"Mwana wamwamuna wa a Chavula uja ndinamuzindikira tisanachoke pa Rumphi," anatero motsitsa mawu. "Bambo anu ndiwo anandiphunzitsa katekisimu. Kumene ndinaliko amandifunsa tsiku ndi tsiku ngati palole panali munthu wina wamtali. Ndimawauza kuti ine ndi mlimi, ndimayang'ana pansi." Kenako anagwira zitsulo zija mwamphamvu. "Tiyeni, anesi. Tiyambire mwendo uti?"

Ndinagwada n'kugwira phazi lawo kuti asaone nkhope yanga.

Dzulo kwabwera kapepala kakuti ndikaonekere ku boma Lachinayi la sabata yamawa, m'mawa. Mwina angondifunsa mafunso n'kundibweza. Komabe mwana wanga Flossie ndamutumiza kale kwa amalume ndi zovala zake zonse, ndipo wangouzidwa kuti akukathandiza kupuntha chimanga. Mukapanda kumva za ine pofika Khirisimasi, mutume munthu akamutenge, ndipo asasiye sukulu. Mnzanga wa kuntchito ndamulembera zonse zoti azichita ndi bondo la a Luhanga, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi itatu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, aliyense pomutchula dzina. Overton mumuuze achotse mpira uja m'nsapato, kumeneko ayende monga anazolowera. Kalatayi musamuwerengere yonse ngati muona kuti sangapirire, koma dzina la a Greyson Luhanga mumuuze, alidziwe bwinobwino ndipo adzauze ana ake. Ineyo musandidandaule chomene. Muzingondikumbukira Lachinayi, nthawi ya naini koloko.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Muriel