Pepala la Dothi Pamlandu wa Magazi

Lachitatu, 21 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani pokwera masitepe. Ife kuno tili bwino. Mlamu wanu akuti ndaonda, koma ndakwera sikelo kawiri ndipo ndangotsika ndi kilogalamu imodzi, choncho musade nkhawa.

M'kalata yapita ija ndinakuuzani kuti pali munthu amene akundiwonongera ntchito. Ndikupempha kuti mawu amenewo muwafufute, ndipo ngati munawafotokozera Bambo, muwawerengerenso ino.

Mukudziwa kuti chaka chino tikuyeza mmene mankhwala atsopano a ana amathera m'thupi. Mwana akamwa, timamutenga magazi pang'ono tsiku lililonse, ine n'kujambula mzere pa tchati. Mzerewo umayenera kumangotsika mpaka mankhwala atatha. Koma mwa ana makumi asanu ndi limodzi, panali khumi ndi mmodzi amene mzere wawo unkatsika, kenako pakatha masiku anayi n'kukwera pang'ono, kupanga kanundu, n'kutsikanso. Mwana sanamwenso mankhwala, nanga akuwonjezeka bwanji m'magazi? Ndinabwereza masamu anga kasanu. Ndinayeza firiji, ndinasinthitsa makina. Nditasowa pogwira, ndinati ndiye kuti timabotolo ta magazi tikusokonezeka pomata manambala.

Amene amamata manambalawo ndi mayi wina wachikulire wa mu labu yathu, amene tonse timawatcha Mayi Kadontho chifukwa salola ngakhale dontho limodzi kugwera patebulo. Agwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kupeza mtsempha wa khanda nditangochoka ku koleji. Ndinawalembera lipoti lowaneneza, Achemwali. Masamba anayi, osalakwika ngakhale chilembo, ndipo ndinasaina. Anawaimitsa ntchito podikira komiti yoti igamule ngati achotsedwe.

Pulinta ya nyumba yomwe timagwiramo ntchito ndi imodzi. Ili pakhonde pafupi ndi masitepe, ndipo timasindikizirapo tonse, ife a zamankhwala a pansi ndi ofufuza za dothi a m'mwamba. M'mawa wa tsiku la komiti ndinatumiza tchati changa ku pulintayo, n'kukatola pepala lomwe linali pamwamba. Ndinaliyang'ana ndithu. Mzere wotsika unalipo, kanundu kanali pamalo pake. Ine amene ndimabwerera kukagwedeza chitseko chomwe ndakhoma kale, sindinawerenge timalemba ta m'mbali.

M'chipindamo munali Pulofesa amene amatsogolera kafukufuku wathu, mkulu wina woona za antchito, ndi Mayi Kadontho kumapeto kwa tebulo, atafungatira chikwama chawo. Ndinalankhula kwa mphindi khumi ndikuloza kanunduko ndi cholembera, kunena kuti thupi la munthu silingachite zotere. Kenako kunamveka kugogoda. Analowa mkulu wina wa m'mwamba amene timawatcha a Matope chifukwa cha nsapato zawo, pepala lili m'manja.

"Pepani mabwana," anatero, "wina wanditengera dothi langa n'kundisiyira magazi."

Woona za antchito uja anaseka mpaka kutsokomola. Pulofesa sanaseke. A Matope anatenga mapepala onse awiri, n'kuwasanjikiza pagalasi la windo. Mizere iwiri ija inagonerana ngati ndi umodzi. Anandifunsa kuti kanundu kanga n'ka chiyani, ine n'kuyankha kuti n'kolakwika chabe.

"Kolakwika? Ine zaka zitatu ndakhala ndikukasaka kameneka."

Anafotokoza ataimirira pakhomo pomwepo. Iwo amadzaza dothi m'mapaipi, kuthira fetereza, kenako madzi pamwamba, n'kumayeza zomwe zikutuluka pansi. Fetereza wina amakalowa m'kati mwa zibuma, momwe madzi sadutsa, n'kukhala chete. Zibumazo zikafewa n'kusweka, amatuluka nthawi imodzi, mzere n'kukwera. Ndiye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ana anuwo alibe zibuma?"

Anthu anasekanso, koma ine ndinali nditakumbukira mapazi otupa a kamtsikana kena ka pabedi lapakona.

Apa ndi pamene ndikufuna mundinyadire pang'ono. Ndinaimirira n'kupempha kuti lipoti langa alibweze. Pulofesa anandikumbutsa kuti siginecha ndi yanga, ndipo kuti munthu wokana lipoti lake pamaso pa komiti, mawa anthu amakayikira mapepala ake onse. Anati ndiganize bwino. Koma ine ndinati, "Mwina wolakwa ndine. Ndikupempha milungu itatu." Sanandimve bwino chifukwa mawu anatuluka ochepa, ndiye ndinabwereza mokweza.

Masana omwewo ndinatsegula mafailo. Ana khumi ndi mmodzi aja, onse anafika kuchipatala atatupa miyendo ndi mimba chifukwa chosowa zakudya m'thupi. Mwa ena onsewo munalibe wotupa ngakhale mmodzi. Mankhwala ankakabisala m'madzi a chotupacho, ndipo mwana akayamba kuchira, chotupa n'kumaphwa, ankabwerera m'magazi. Zonsezi zinali m'mafailo anga omwe, mu kabati yomwe ndimaipukuta fumbi Lachisanu lililonse.

A Matope anandibwereka masamu awo. Sindinasinthe kanthu koma mayina okha: pomwe analemba chibuma ndinalemba chotupa, pomwe analemba madzi odutsa ndinalemba magazi. Mzere unadutsa pamadontho anga onse. Poti mukundidziwa, sindinakhulupirirebe. Tinatenga ana ena asanu ndi atatu, manambala anamata munthu wina ine ndikuyang'ana, ndipo kanundu kanatuluka mwa atatu otupa okha. Pano madokotala a ku wodi ya ana akuunikanso nthawi yopatsira ana otupa mankhwala achiwiri, kuti asachuluke m'thupi.

Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti ine ndi a Matope takhala tikupatsana moni pamasitepe zaka zisanu ndi zitatu. Mumtima ndinkati ntchito yawo ndi ya alimi, iwonso avomera kuti ankationa ife ngati ogulitsa mapiritsi. Mabuku awo ali pa shelefu ina, athu ina, mawu ake osiyana, pomwe funso ndi limodzi: chinthu chikalowa pamalo, chimabisala kuti, ndipo chimatuluka liti? Mayi wina wofufuza za utsi wa m'nyumba atamva nkhaniyi anatsika ndi tchati chake. Akuti utsi umabisala m'makatani ndi m'matiresi. Tsopano Lachinayi lililonse pa nthawi yopuma timabweretsa matchati titaphimba malemba, n'kumalota kuti n'cha ndani. Ine ndalephera kale kawiri. Pulofesa naye wayamba kunena kuti "zomwe tatulukira," ndipo sindikumutsutsa.

Mayi Kadontho anabwerera pantchito Lolemba, ndipo dzina lawo lidzakhala papepala la kafukufuku lomwe tikulemba. Ndinawapeza akutsuka timabotolo. Ndinali nditakonza mawu opepesa, ndinawalemba n'kuwaloweza, ndipo ndinawanena onse. Anandimvetsera osatseka mpopi. Nditamaliza anati zamveka, ndipo anandiyamikira chifukwa choimirira mu komiti muja, akuti ambiri akanangosintha pepala n'kupitiriza. Kenako anapukuta m'manja.

"Milungu isanu ndi iwiri ndinali pakhomo," anatero. "Ana anga ndinawauza kuti ndili patchuthi, koma wamkulu anaona kalata yondiimitsa ntchito m'chikwama. Mpaka lero amandiyang'ana ngati munthu amene anasokoneza magazi a ana odwala. Ine ndafotokoza, ndatopa. Mubwere mudzawauze ndinu, adokotala."

Ndavomera. Ndikupita Loweruka masana. Mwana wamkuluyo akuphunzira unamwino, choncho adzafunsa mafunso enieni, ndipo ndidzayankha onse. Mlamu wanu wadzipereka kuti andiperekeze, koma ndamuuza kuti posaina ndinali ndekha. Ndinafuna kunyamula matchati awiri aja, kenako ndaona kuti ndikangobisala kuseri kwake, ndiye ndikawasiya. Yankho lanu silingafike nthawi yoti mundilangize, komabe ndinafuna kuti mudziwe Loweruka lisanakwane.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze ana kuti amalume awo sanaiwale mabuku aja. Bambo muwauze zonse, za lipoti zomwe, musadumphe ndime imeneyo poopa kuwakhumudwitsa. Inuyo, Loweruka cha m'ma 3 koloko, pomwe mungakhalepo, mundikumbukire. Ndidzakhala nditaima pakhomo la eni ake, ndikugogoda.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Wachiwiri wa Bambo