Kuseri kwa Mabigiri a Ufa

Area 25, Lilongwe
6 Novembala

Okondedwa achemwali anga a Dailesi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha Owen chinatha? Nanga mwendo wa amalume a Amosi uli bwanji? Ife kuno tili bwino, a Enerst akupitabe kuntchito. Kungoti kukutentha kwambiri, ndipo madzi akumatuluka pampopi m'mawa mokha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Mukundidziwa. Pafoni ndimangoti eya ndi zikomo, zoti ndinene zenizeni zimatsalira pakhosi. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa ku Malomo pamodzi ndi kabotolo kokulungidwa m'nsanza. Musakatsegule musanamalize kuwerenga.

Ukwati wa mlamu wanga Dinah, mchemwali wawo wa a Enerst, uli pa 25 mwezi uno. Apongozi anga, a NyaKumwenda, anayamba kusonkhanitsa zakudya mu Ogasiti. Abale awo anatumiza matumba awiri a mpunga kuchokera ku Karonga. Mphale ndi nyemba anagula kwa a Saida, mayi wa ana atatu amene amagulitsa mumsika wa Nsungwi. Akhala akugula kwa iwo zaka zambiri.

Simunafikepo kuno, choncho ndikufotokozereni za kachipinda kosungiramo zakudya. Muli mabigiri abuluu asanu ndi limodzi a zivindikiro zothina. Amakhala pathabwa, thabwalo lili panjerwa, ndipo palibe bigiri limene limakhudza khoma. Kiyi wake amakhala pamsomali kukhitchini, chifukwa wophika masiku onse ndine.

Tsiku langa lachiwiri m'nyumba muno apongozi anandiitanira m'menemo. Anati ufa wochokera kuchigayo sulowa m'bigiri ukadali wofunda. Uyambe wayanikidwa pamkeka mpaka ukaufinya m'dzanja usaumbike. Anatinso watsopano suthiridwa pamwamba pa wakale, yayi. Wakale uthe kaye, bigiri litsukidwe, liume padzuwa, pansi pake paikidwe masamba ouma a nimu.

Lamulo lawo lalikulu ndi lakuti chilichonse chouma cholowa m'nyumba chiyambe chagona pakhonde, iwo achione. Amapisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, akuti mukatentha ndiye kuti muli alendo. Nthawi zina amaika khutu pathumba. Dinah amawaseka kuti amapima mpunga ngati mayi wa pakati kusikelo. Iwo amamuyankha kuti seka lero, udzandikumbukira ukadzaphikira apongozi ako nsima ya ndiwo zake m'kati.

Ine ndinkatsata zonsezi bwinobwino. Chaka chonse m'nyumba muno simunaoneke nankafumbwe ngakhale mmodzi.

Sabata yachiwiri ya Okotobala ndinapita kukatapa ufa. Nditatsegula chitseko ndinaona timadontho takuda pakhoma, tikuyenda. Apongozi atabwera anamasula thumba la mpunga. Pamwamba pake panali bii, ngati wina wawazapo chitowe chopsereza. Mphale yomwe inali isanapite kuchigayo inali itafumbwa. Ngakhale mabigiri awiri a ufa, amene zivindikiro zake zinasweka m'mbali, anali atalowedwa.

Apongozi anakhala pampando. Kenaka anayamba kuwerenga pazala zinthu zonse zimene zinalowa m'chipindamo. Mpunga anaupima okha. Ufa anauyanika okha. Chinatsala ndi thumba lomaliza la mphale ya a Saida, limene linabwera tsiku limene apongoziwo anali kumaliro ku Kawale, Dinah n'kulilowetsa osaliyanika.

Anati basi, wapezeka. Akuti Saida wasakaniza chimanga cha chaka chatha chofumbwa ndi chatsopano, poona kuti ndi cha ukwati, palibe amene adzachione msanga.

Achemwali, apa ndi pamene kalatayi yayambira.

Mukukumbuka chimanga cha mbewu cha malemu amayi? Chamakolo chija cha njere zofiirira, chimene ankachimanga ndi makoko ake n'kuchipachika kutsindwi kwa khitchini, pamwamba pa moto. Maliro atatha mu Julaye munachifuna osachipeza. Munandiimbira foni n'kunena kuti ndi akazi a amalume, popeza ndiwo ankaphika m'khitchinimo masiku a maliro. Ine ndinangoti pepani.

Ndinatenga ndine.

M'mawa wa tsiku lobwerera kuno ndinalowa m'khitchini muja kukatsanzika. Miphika inali itagawidwa kale, zitenje zitagawidwa. Ndinayang'ana kumwamba n'kuona zimanga khumi ndi ziwiri, mfundo yake yomanga amayi ndi manja awo. Ndinakwera pamtondo, ndinazitsitsa, ndinazikulunga m'chitenje. Ndinkati ndikuuzani pokwera basi. Pokwera basi munali mukulira, ndipo ndinalephera.

Kuno sindinazionetse kwa apongozi. Zinali zakuda ndi mwaye, zonunkha utsi, ndipo m'nyumba muno pansi ndi pa matailosi. Ndinaopa kuti Dinah aseka, kapena apongozi anena kuti zitayidwe. Ndinazibisa m'sutikesi. Patapita sabata a Enerst anafunsa chifukwa chake malaya awo akununkha ngati agona m'chigafa cha fodya. Ndiye ndinazichotsa n'kukaziika m'mphika waukulu wakale, kuseri kwa mabigiri.

Ine ndinkadziwa kuti mbewu ya amayi sifumbwa. Kuyambira ndili mwana sindinaionepo itafumbwa. Sindinaganize kuti chimene chinkaiteteza ndi utsi wa tsiku ndi tsiku. Kuno timaphikira makala panja, magetsi akakhalapo timaphikira magetsi. Utsi kulibe.

Tsiku lomwe apongozi anatchula a Saida, ine ndinadikira kuti onse atuluke. Ndinavundukula mphika uja. Chitenje chinali chofunda. Nditachimasula, pansi panali fumbi loyera lodzaza manja awiri, ndipo anankafumbwe anali kutuluka m'makoko ngati nyerere. M'menemo ndi momwe munali mudzi wawo.

Ndinavundikiranso. Ndinakabisa mphikawo kuseri kwa bafa, pansi pa malata akale. Ndinasamba m'manja n'kukapitiriza kuphika.

Masiku atatu otsatira tinagwira ntchito yosaneneka. Tinatulutsa zonse panja. Mpunga tinauyanika pamalona, dzuwa likafika pamutu tizilombo tinkathawira m'mphepete, ife n'kumasesa. Tinapeta, tinasefa ufa kawiri, tinatsuka makoma ndi madzi otentha. Ufa wa bigiri limodzi unali utanunkha kale, tinapatsa bambo wina woweta nkhumba. Mpunga wapulumuka thumba limodzi ndi theka.

Pa ntchito yonseyi apongozi ankandiyamikira. Ankauza Dinah kuti taona mnzako, sayankhula koma manja ake amayankhula. Mawu amenewo ankandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Ku msonkhano wa amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi kwawo, apongozi anaimirira n'kuchenjeza anzawo za mphale ya a Saida. Amayi amenewo ndi ambiri, ndipo ambiri ankagula pa benchi ya a Saida chifukwa cha apongoziwo. Sabata isanathe nkhani inali itafika mpaka ku Area 49.

Ndinapita kumsika kukagula tomato. Ndinazungulira njira ina kuti ndisadutse pa benchi ya a Saida, koma anandiona. Mabeseni awo anali odzaza mpaka pamwamba, nthawi ili cha m'ma folo. Anandiitana kuti asisi a chete, bwerani kuno, nanunso mwayamba kundithawa? Anandifunsa ngati apongozi akadali okwiya. Kenaka anandithirira mtedza m'dzanja, akuti wokukuta m'njira.

Mtedzawo sindinadye. Ndinafika nawo kunyumba uli wonyowa ndi thukuta.

Ndinayesa kuuza a Enerst kawiri. Koyamba ndinangofika pakuti pali nkhani, iwo anati nkhani yanji, ine ndinati sopo watha. Kachiwiri sindinayambe n'komwe.

Lachiwiri lapitali m'mawa a Saida anabwera okha pageti, atasenza lichero la mphale. Apongozi anali pakhonde akusankha nyemba. A Saida sanadikire kupatsidwa mpando. Anakhuthula mphale yonse pasimenti n'kunena kuti mayi, nayi, ndi ya m'thumba lomwelo limene ndinakutapirani. Mukapezamo kachilombo kamodzi, ndikadya pamaso panu kali kamoyo.

Apongozi anati wakuba sabweretsa thumba limene anabera. A Saida anati zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikukupatsani basela, lero mukufuna ana anga adye dzina langa loipa? Anati dzulo sanagulitse ngakhale mbale imodzi. Koma sanalire.

Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi chikolopa m'manja. Ndinaika chikolopa pansi, ndinapita kuseri kwa bafa, ndinanyamula mphika uja. Ndinauika pakati pawo, ndinavundukula, ndinagwada.

Onse awiri anasuzumira.

Apongozi anatola chimanga chimodzi, anachigogoda pasimenti, fumbi n'kuti mbuu. Anandifunsa kuti ichi n'chiyani. Ndinati mbewu ya amayi anga. Anafunsa kuti chinali kuti. Ndinati kuseri kwa mabigiri. Anafunsa kuti kuyambira liti. Ndinati Julaye. Anafunsa kuti ndinadziwa liti kuti chafumbwa. Ndinati tsiku lomwe lija.

Funso lomalizali ndi limene linawakwiyitsa. Anati chimanga si mlandu, mwana aliyense amatola kanthu ka mayi ake. Anachinunkhiza n'kunena kuti amayi awonso ku Bolero ankapachika chimodzimodzi. Koma anati kodi m'nyumba muno munaonamo utsi? Bwanji osafunsa? Ndipo masabata atatu mwandisiya ndikunyoza munthu wosalakwa, inu mukundipatsa madzi osamba m'mawa uliwonse, mukundiyang'ana.

A Saida anawomba m'manja kamodzi n'kuseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Anati asisi, ine ndinkati ndinu nkhunda, kani ndinu nankafumbwe weniweni, mumadya munthu m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Ndinati pepani. Anati pepaniyo mukanene kumsika, kuno kulibe makasitomala.

Ndinapitadi. Lachinayi apongozi anavala yunifolomu yawo n'kunditenga ku Umanyano. Anaimirira n'kunena kuti analakwira Saida, ndipo anatchula dzina lake katatu kuti akumbuyo amve. Atatha anati mpongozi wanga ali ndi mawu. Ndinaimirira. Ndinanena kuti tizilombo ndinabweretsa ndine, ndipo ndinadziwa koma ndinakhala chete. Mayi wina anakuwa kuti kwezani mawu. Ndinabwereza mokweza.

Kuchokera kumeneko tinapita kumsika, amayi ena asanu akutitsatira. Apongozi anagula mphale yonse yotsala ya ukwati pa benchi ya a Saida, anthu akuona. Sindinganame kuti zonse zabwerera m'malo. Makasitomala ena sanabwererebe, nkhani yoipa imathamanga kuposa yokonza. Apongozi amandiyankhula, koma kiyi uja tsopano amakhala m'chikwama chawo. A Enerst anangoti nkhani ya sopo ija inali imeneyi?

Dzulo apongozi anandiitana pakhonde. Anali atayala nyuzipepala, zimanga zija zili pamenepo. Anati mbewu sitayidwa isanafunsidwe. Tinatonola zonse, tinayamba kuyang'ana njere imodziimodzi. Ya bowo uku, yopepuka uku, yolimba m'mbale. Iwo anavala magalasi. Dinah anathandizako pang'ono, osaseka.

Pa zimanga khumi ndi ziwiri, njere zamoyo zimene zatsala ndi zimene zili m'kabotolomo. Taziyanika, tazisakaniza ndi phulusa losefa, chitsekerero tamata ndi kandulo. Apongozi anatapako njere makumi awiri, akuti adzala m'mbali mwa mpanda kuti aone ngati chimanga chovutitsa chonchi chimakoma.

Tsopano pempho langa. Mvula yayandikira. Mudzale mbewuyi payokha, pachulu paja amayi ankadzalapo, kutali ndi ya m'sitolo kuti isasakanikirane. Ndi yochepa, sikwana mizere yambiri. Muike ziwiriziwiri paphando.

Chachiwiri ndi chovuta. Mupite kwa akazi a amalume, muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha. Ndamva kuti kuyambira Julaye simulowerana m'nyumba. Iwo sanatenge kanthu. Pa Khirisimasi ndibwera kudzanena ndi pakamwa panga, ndaona kuti munthu safa nazo. Koma asadikire mpaka Khirisimasi ali ndi dzina la wakuba.

Inuyo mukafuna kundikalipira, imbani foni madzulo a Lamulungu. Ndidzamvetsera mpaka mumalize, ndipo ndidzayankha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume, kwa Owen ndi Thandie. Mulungu akusungeni, akupatseni mvula yabwino. Chimangacho chikacha, musankhe zikuluzikulu, mumange ndi makoko ake, mupachike pautsi pomwe paja. Ine musandipatseko ngakhale chimodzi. Ndizidzachionera komweko.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyese